Mafunso ndi mayankho: nyale za LED zounikira makamera osankha katundu pa lamba wa m'fakitale

Awa ndi mafunso amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu amene akuika kamera pamwamba pa lamba kuti makina azisankha okha zabwino ndi zoipa, kaya ndi mabotolo, zitini, zipatso, njere za mbewu kapena mapulasitiki otayidwa. Ambiri amafika atagula kale kamera yodula, nyale n'kuisiya kuti adzaiganizira kumapeto. Ine ndimayambira ku nyaleko.

Kamera ndagula yabwino, pulogalamu nayonso ndi yamakono. Nyale ndiivutikirenji?

Chifukwa kamera siona botolo kapena chitini. Imaona kuwala kumene kwagunda chinthucho n'kubwerera kudzalowa mu lenzi. Pa kamera wamba ya 8-bit, pikiselo iliyonse, kadontho kamodzi ka chithunzi, imangotulutsa nambala ya pakati pa 0, womwe ndi mdima wa ndiweyani, ndi 255, komwe ndi kuyera kotheratu. Tinene kuti chivundikiro cha botolo chikupereka 140, ndipo pamene pali mng'alu pakupereka 133. Kusiyana kwa 7 kumeneko sikulimba. Kafumbi pang'ono pa galasi, kapena timadontho tosokoneza timene sensa iliyonse imatulutsa, n'kokwanira kukumeza. Koma mukatsitsa nyale yomweyo kuti iunikire chammbali, mng'alu womwewo ukhoza kupereka 200 pamene chivundikiro chikupereka 40. Pamenepo ngakhale lamulo losavuta loti "choposa 120 chichoke pa lamba" ligwira ntchito usana ndi usiku.

Ena amati AI ithana nazo. Imathandizadi pa zinthu zovuta kuzifotokoza ndi manambala, koma chimene sichinalowe m'chithunzi ilibe kokachitenga.

Ndiyambire pati?

Osati m'kabuku ka ogulitsa nyale. Tolerani zinthu zenizeni zochokera pa lamba wanu: zabwino, zoipa, makamaka zija zimene anthu osankha ndi manja amatsutsana nazo kuti kaya zipite kaya zibwerere. Lowani nazo m'chipinda cha mdima muli ndi tochi. Diso lanu likhale pamene padzakhale kamera, osasuntha mutu, ndipo tochi ndiyo muziiyendetsa: pamwamba, chammbali, pansi penipeni, kumbuyo kwa chinthucho. Kenako kutani tochiyo ndi pepala loyera kuti kuwala kufewe, mubwerezenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Penapake cholakwika chija chidzatumphuka n'kuonekera chokha, ndipo pamene pali tochi nthawi imeneyo ndi pamene nyale iyenera kudzakhala.

Mukatero lembani zinthu zinayi: liwiro la lamba, kutambalala kwa malo amene kamera iyenera kuona, kuchepa kwa cholakwika chaching'ono kwambiri chimene mukufuna kugwira, ndi mpata umene ulipo woikapo nyale. Chachinayichi chimaiwalika, mpaka tsiku limene nyale yafika n'kupeza kuti chitsulo cha makina chadutsa pomwepo.

Zithunzi zikuoneka mwachimbuuzi lamba akamayenda, koma akaima zili bwinobwino. Chavuta n'chiyani?

Chinthucho chikusuntha kamera isanatseke diso. Masamu ake ndi ofunika kuwachita musanagule kalikonse, chifukwa ndi amene amalamula zina zonse.

Tinene kuti lamba akuyenda mamita 2 pa sekondi, omwe ndi mamilimita 2,000. Kamera ikuona malo otalika mamilimita 400 ndi mapikiselo 2,000, ndiye kuti pikiselo imodzi ikuimira mamilimita 0.2. Kuti chinthu chisasunthe kuposa pikiselo imodzi, kamera iyenera kutsegula ndi kutseka pasanathe nthawi imene lamba amayenda mamilimita 0.2 amenewo. Gawani 0.2 ndi 2,000, mupeza masekondi 0.0001, kapena kuti ma microsecond 100. Microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi.

Tsono vuto lili apa. Pa tebulo loyesera mwina munkajambula ndi ma millisecond 10, omwe ndi ma microsecond 10,000, chithunzi n'kumaoneka chowala bwino. Kuchoka pamenepo kufika pa ma microsecond 100, nthawi yafupika ka 100, ndipo kuwala kolowa mu kamera kwachepanso ka 100. Chithunzi chimada bii. Munthu amathamangira kukweza gain ya kamera, koma gain siwonjezera kuwala, imangokulitsa zonse zimene sensa yapeza pamodzi ndi timadontho tosokoneza tija. Njira yeniyeni ndi kuwonjezera kuwala pa chinthucho. N'chifukwa chake nyale za pa malamba othamanga zimawala mothobwa m'maso chonchija.

Kodi strobe ndi overdrive n'chiyani, ndipo sizipsereza nyale?

Ngati kamera ikungoyang'ana kwa ma microsecond 100, palibe chifukwa choti nyale iziyaka nthawi yonse. Strobe ndi kuiyatsa mong'anima, pa nthawi yokhayo imene kamera yatsegula. Overdrive ndi kuipatsa magetsi ochuluka kangapo kuposa amene ingapirire itayaka mosalekeza. LED imaphedwa ndi kutentha, ndipo ikang'anima kanthawi kochepa n'kupuma nthawi yaitali siipeza mpata wotentha. Ikang'anima ka 20 pa sekondi, ulendo uliwonse ma microsecond 100, ndiye kuti pa sekondi yonse yayaka 0.2 peresenti yokha.

Pali malire awiri amene wopanga nyale amalemba, ndipo onse awiri ndi osadumpha: kutalika kwa kung'anima kumodzi, ndi gawo la nthawi limene nyale ingakhale ikuyaka. Gwiritsani ntchito kontirola yodziwa kukana. Sensa yoyambitsa kujambula ikasokonezeka n'kuyamba kutumiza zizindikiro motsatizana, kontirola yabwino imanyalanyaza zowonjezerazo, pamene yosaganiza imamvera mpaka nyale itapsa. Dziwaninso kuti magetsi akachuluka kawiri, kuwala sikuchuluka kawiri ndendende. LED imayamba kufooka pa magetsi ambiri, gawo lalikulu n'kumasanduka kutentha.

Chinanso, kamera ikhale ya global shutter, imene mapikiselo onse amatsegula nthawi imodzi. Ya rolling shutter imatsegula mzere ndi mzere, ndiye kung'anima kwakufupi kumangowalitsa kachigawo ka chithunzi, kwinako mdima, ndipo zinthu zoyenda zimaoneka zopendekeka.

Kamera ya line scan imafuna nyale yosiyana?

Inde. Kamera imeneyi imajambula kamzere kamodzi kopingasa lamba, lamba akasuntha pang'ono n'kujambulanso kena, kompyuta n'kumalumikiza timizereto. Pa chitsanzo chathu chija imafunika kujambula mizere 10,000 pa sekondi. Enkoda ndi imene imaiuza kuti lamba wasuntha bwanji, ndipo ndi bwino kuti gudumu la enkodayo lizigunda lamba weniweniyo, chifukwa ikakhala pa mota lamba n'kumaterereka, zinthu zimaoneka zotalika kapena zofinyika.

Nyale yake ndi yaitali ngati ndodo, yokhala ndi lenzi yosonkhanitsa kuwala konse pa kamzere kopyapyala. Kawirikawiri imayaka mosalekeza, motero imatentha kwambiri, ndipo zina zimaziziritsidwa ndi fani kapena madzi. Chimene chimapusitsa anthu ndi ichi: nyale ikaunika mopendekeka, kamzere ka kuwala kamagwera pamalo oyenera pa msinkhu umodzi wokha. Chinthu chachitali chikadutsa, kuwala kumagwera patsogolo kapena pambuyo pa pamene kamera ikuyang'ana, ndipo pamwamba pa chinthucho pamaoneka pakuda ngakhale nyale ikuwala mokwanira. Mankhwala ake ndi kuimika nyale pafupi ndi mzere wa kamera, kukulitsa kamzere ka kuwala, kapena kuika nyale ziwiri, ina kutsogolo ina kumbuyo.

Pali luso lina losangalatsa: nyale ziwiri zosiyana zimasinthana mzere ndi mzere, ina pa mizere yoyamba, yachitatu, yachisanu, inayo pa yachiwiri, yachinayi, yachisanu ndi chimodzi. Kamera imodzi n'kutulutsa zithunzi ziwiri za chinthu chimodzi.

Pali nyale za ring, bar, dome, coaxial, backlight. Ndisankhe iti?

Mayinawa asakusokonezeni. Funso ndi limodzi: kuwala kukagunda chinthucho, kukulowa mu lenzi kapena kukuiphonya? Pamalo osalala kuwala kumanjanja ngati mpira pa simenti, kumachoka mopendekeka chimodzimodzi ndi mmene kunabwerera. Pamalo okhakhala kumamwazika mbali zonse.

Nyale ikakhala pamwamba pafupi ndi kamera, malo osalala amabweza kuwala molunjika mu lenzi n'kuoneka oyera, pamene zokalika ndi maenje zimakutayira kwina n'kuoneka zakuda. Imeneyi amati bright field. Mukaitsitsa kuti iunikire pafupifupi mogona, madigiri 10 kapena 20 kuchokera pa lamba, zinthu zimatembenuka: malo osalala amada, koma kalikonse kotumphuka kapena kokalika kamawala. Ndi zimene zimachitika dzuwa likapendeka madzulo, mapazi a pa mchenga amene masana sankaoneka n'kuyamba kuonekera. Imeneyi ndi dark field, ndipo ndi yabwino pa ming'alu, zilembo zodinda pa chitsulo ndi fumbi la pa galasi. Kuipa kwake n'koti imafuna kukhala pafupi kwambiri ndi chinthucho, ndiye pa lamba wonyamula zinthu za misinkhu yosiyanasiyana imavuta.

Backlight imakhala kumbuyo kwa chinthucho, kamera n'kumangoona chithunzithunzi chakuda pa malo oyera. Poyeza kukula, kuona mabowo, kapena kuona pamene madzi alekezera m'botolo, palibe yoiposa. Pa lamba imafuna nzeru pang'ono: mpata pakati pa malamba awiri, lamba wolola kuwala kudutsa, kapena kuunikira chammbali mabotolo akudutsa choimirira.

Dome ili ngati mbale yaikulu yovundikira, yoyera mkati. Ma LED amaunikira m'mwamba mwa mbaleyo, kuwala n'kutsika kuchokera mbali zonse ngati tsiku la mitambo, popanda mthunzi. Ndi imene imathana ndi zinthu zonyezimira zokhota kapena zokwinyika, monga pansi pa chitini kapena paketi ya foyilo. Iyenera kukhala yaikulu kuposa chinthucho komanso pafupi nacho, ndipo bowo loonerapo kamera limasiya kadontho kakuda pakati pa zinthu zonga kalilole. Pa lamba ambiri amagwiritsa ntchito mtundu wake wautali wonga ngalande yovundikira, kuti zinthu zizidutsa pansi.

Coaxial imagwiritsa ntchito galasi lopendekeka madigiri 45 limene limabweza theka la kuwala n'kulola theka kudutsa, kuti kuwala kutsike m'njira yomweyo imene kamera ikuyang'anira. Ndi yabwino pa zinthu zafulati zonyezimira. Koma poti kuwala kumakumana ndi galasilo kawiri, kofika ku kamera sikungapose gawo limodzi mwa magawo anayi.

Nanga ring? Ndi yosavuta kumangirira, n'chifukwa chake imagulidwa kwambiri. Pa makatoni ndi zinthu zosanyezimira imachita bwino. Pa chitini imangodzijambula yokha, nkhata yoyera pakati pa chithunzi.

Pulasitiki wokutira katundu akunyezimira mpaka zilembo sizikuwerengeka. Nditani?

Yambani mwasuntha nyale, chifukwa n'kwaulere. Nthawi zambiri kupendeketsa pang'ono kumataya kunyezimirako kunja kwa lenzi. Zikakanika, ikani polarizer, fyuluta yolola kuwala kogwedezeka mbali imodzi yokha, imodzi pa nyale, ina pa lenzi, ndipo muzizungulitsa ya pa lenziyo mpaka kunyezimira kutazilala. Kuwala konjanja pamwamba pa pulasitiki kumatsekeredwa, pamene kumene kwalowa n'kumwazika pa pepala la mkati kumadutsa. Mtengo wake ndi kuwala: polarizer iliyonse imadya theka kapena kuposa, ndiye mwatsala ndi gawo limodzi mwa anayi, mwinanso osakwana. Pa lamba wothamanga bwererani ku masamu aja musanalonjeze munthu kuti zitheka.

Mtundu wa kuwala uli ndi ntchito?

Kwambiri, makamaka ndi kamera yosaona mitundu. Chinthu chimawala pansi pa nyale ya mtundu wake, n'kuda pansi pa mtundu wotsutsana nawo. Zilembo zofiira pa pepala loyera zimazimiririka mukaunika ndi nyale yofiira ya 625 nm kapena 660 nm (nm ndi muyezo wa kutalika kwa mafunde a kuwala, ndipo ndi umene umasonyeza mtundu wake). Mukaunika ndi ya buluu ya 470 nm zimasanduka zakuda bii. Zonse ziwiri n'zothandiza, kutengera ngati mukufuna kuwerenga zilembozo kapena mukufuna zichoke kuti muone chimene chili pansi pake.

Kamera yoona mitundu muitenge pokhapokha ngati mtundu ndiwo mukusankhira, monga kupsa kwa chipatso. Makamera ambiri otere ali ndi timafyuluta toyalidwa mwa njira ya Bayer: theka la mapikiselo limaona girini, gawo limodzi mwa anayi kufiira, lina buluu. Mukaiunikira ndi nyale yofiira yokha, ndiye kuti mapikiselo atatu mwa anayi alionse akungokhala.

Ndi kamera yotereyi mufunika nyale yoyera, koma LED yoyera si yoyera monga dzuwa. Mkati mwake muli LED ya buluu ya pafupifupi 450 nm yokutidwa ndi phosphor wachikasu. LED ya buluu imeneyi ndi imene inapezetsa Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura mphoto ya Nobel mu 2014. Kuwala kwake kuli ndi buluu wambiri, kumachepa pakati pa buluu ndi girini, ndipo pa nyale zambiri kufiira kwakuya kumakhala kofooka. Nyale ziwiri za dzina limodzi zopangidwa nthawi zosiyana zikhozanso kusiyana pang'ono. Pogula, gulirani limodzi ndi yosungira, ndipo tsiku limene mwasintha nyale muyezenso white balance, komwe ndi kukonza kamera kuti choyera chizioneka choyeradi.

Nanga infrared imaona chiyani chimene maso saona?

Infrared ndi kuwala kopitirira kufiira kumene maso saona, ndipo kuli ndi magawo awiri. Loyamba ndi la 850 nm ndi 940 nm, limene makamera wamba a silicon amaliona, ngakhale amamva bwino 850 kuposa 940, ndipo pofika cha m'ma 1,100 nm amakhala akhungu. M'kuwala kumeneku utoto wambiri wosindikizira umaoneka ngati palibe, pamene inki yokhala ndi kaboni imakhalabe yakuda. Paketi ya maluwamaluwa imaoneka yoyera, deti lodindidwa ndi inki ya kaboni n'kutsala lokha poyera. Kumbukirani kuti makamera ambiri oona mitundu ali ndi fyuluta yotsekera infrared, komanso lenzi yoikidwa bwino pa kuwala wamba imafuna kuikonzanso mukasinthira ku infrared.

Gawo lachiwiri ndi SWIR, infrared ya mafunde ataliko, ndipo limafuna sensa yapadera yotchedwa InGaAs yoona kuyambira cha m'ma 900 mpaka 1,700 nm. Madzi amameza kwambiri kuwala kwa 1,450 nm, motero chonyowa chimaoneka chakuda, chouma choyera. Mwala ndi njere zofanana mtundu m'maso zikhoza kusiyana kutalitali pamenepa. Mapulasitiki monga PET, PE, PP ndi PVC nawonso amameza zigawo zosiyana za kuwala kumeneku, ndipo ndi mmene makina osankha zinyalala amawasiyanitsira. Pa ntchito imeneyi nyale za halojeni zikadalipo zambiri, chifukwa zimatulutsa zigawo zonse mosadukiza pamene LED imodzi imangopereka kachigawo kopyapyala. Pulasitiki wakuda wothiridwa carbon black ndiye amagonjetsa makina otere, chifukwa amameza pafupifupi kuwala konse osabweza kanthu.

UV ndi ya chiyani?

UV, kapena kuti ultraviolet, ndi kuwala kwa mafunde aafupi kuposa a buluu. Nyale ya UV ya 365 nm kapena 395 nm imachititsa zinthu zina kuwala zokha: guluu wina, mafuta ena, inki zobisika, ndi mapepala othiridwa mankhwala oyeretsa. Pa lenzi muike fyuluta yotsekera UV yeniyeniyo kuti kudutse kuwala kochokera m'chinthucho kokha. Kuwalako n'kofooka, ndiye pamafunika bokosi la mdima.

Makina amagwira bwino m'mawa, masana n'kuyamba kutaya zabwino. N'chiyani?

Yang'anani kudenga. Ndinavutikapo ndi zimenezi pa fakitale ina imene makina ankataya zitini zabwino kwa kanthawi tsiku lililonse chakumasana, kenako n'kusiya okha. Tinasintha waya wa kamera, tinakayikira pulogalamu, tinayeza magetsi. Tsiku lachitatu mayi wina woyang'anira lambayo, amene ankangotionerera, anati: "Bambo, mukuvutika ndi mawaya, koma zimenezi zimayamba dzuwa likafika pa lata loonekera lija." Tinadikira nthawiyo, ndipo kachigamba ka dzuwa kanakwawa pansi, kukwera mwendo wa makina, n'kudzagona pa lamba pansi penipeni pa kamera. Thabwa lopaka utoto wakuda linathetsa nkhani imene inatidyera masiku atatu.

Pa muyezo wa kuchuluka kwa kuwala wotchedwa lux, dzuwa lowala bwino limafika pafupifupi 100,000, pamene nyale za m'denga la fakitale zimapereka mahandiredi ochepa chabe. Zida zolimbana nalo ndi zitatu. Bokosi lotchinga ndilo loyamba ndipo ndi lodalirika kuposa zonse. Chachiwiri ndi strobe yamphamvu ndi kutsegula kamera kanthawi kochepa, kuti nyale yanu ipose kuwala kwina konse. Chachitatu ndi fyuluta ya bandpass yolola mtundu wa nyale yanu yokha. Fyulutayi imachepetsa dzuwa koma siilithetsa, poti m'dzuwa mulinso mtundu womwewo. Isakhalenso yopanikiza kwambiri, chifukwa LED ikatentha mtundu wake umasuntha pang'ono, ndipo fyuluta yotere imasintha khalidwe pa kuwala kolowa mopendekeka m'mbali mwa lenzi yoona patali m'mbali.

Mayeso ake ndi achidule: zimitsani nyale yanu, jambulani. Chithunzi chiyenera kukhala chakuda pafupifupi chonse. Chitani zimenezi m'mawa, masana ndi usiku.

Zithunzi zotsatizana zikusiyana kuwala, chonsecho palibe chasintha.

Pali nyale imene ikuphethira. Nyale zambiri za m'denga zimaphethira ka 100 pa sekondi kumene magetsi ndi a 50 Hz, ka 120 kumene ndi a 60 Hz. Maso saona, koma kamera yotsegula ma microsecond 100 imagwa nthawi ina pa kuwala, nthawi ina pa mdima. Nyale yanu nayonso ikhoza kukhala yolakwa ngati imachepetsedwa kuwala mwa PWM, komwe ndi kuyatsa ndi kuzimitsa mofulumira. PWM ya 1 kHz imazungulira kamodzi pa ma microsecond 1,000, ndiye chithunzi china chikhoza kugwera pamene nyale ili yozima. Gwiritsani ntchito kontirola yopereka magetsi osasinthasintha, kapena yomvera kamera. Waya wa pakati pa kontirola ndi nyale ukhale waufupi ndi wonenepa, chifukwa wautali umafooketsa kung'anima.

Mtundu wa lamba uli ndi kanthu?

Lamba ndi theka la chithunzi. M'mafakitale a zakudya malamba ambiri ndi a buluu chifukwa zakudya za buluu n'zosowa, ndiye kamera imasiyanitsa mosavuta, ndipo kachidutswa ka lamba kakanyotsoka kamaoneka. Koma lamba wooneka wakuda m'maso akhoza kuwala mu infrared, wouma wosanyezimira akhoza kusanduka kalilole akanyowa. Poyesa nyale, pemphani chidutswa cha lamba wakale, wothimbirira ndi wokalika, osati watsopano.

Pa tinthu ting'onoting'ono ngati njere, makina ambiri salimbana ndi lamba n'komwe. Amajambula tinthuto tili m'malere titachoka kumapeto kwa lamba, kumbuyo kuli bolodi lounikiridwa mofanana ndi kuwala kwa njere yabwino. Zabwino zimasowa m'chithunzi, zoipa zokha n'kuonekera, ndipo timavavu ta mpweya timaziuzira kumbali.

Pakati pa chithunzi n'powala, m'mbali muli mdima.

Nyale ikhale yaitali kuposa kutambalala kwa lamba, chifukwa pakati pamalandira kuwala kuchokera mbali zonse ziwiri pamene kumapeto kumalandira kuchokera mbali imodzi. Lenzi nayonso imachepetsa kuwala m'mbali. Pa lenzi wamba, malo amene ali madigiri 30 kuchokera pakati akhoza kungolandira pafupifupi 56 peresenti ya kuwala kwa pakati. Kukweza kamera m'mwamba n'kuika lenzi yokokera zinthu pafupi, yosaona kwambiri m'mbali, kumathandiza. Zotsalazo mukonze ndi flat-field correction, pojambula bolodi loyera kuti kompyuta iwongole. Koma imeneyi ndi yomalizira, osati yobisira nyale yaifupi.

Zinthu zanga n'zosiyana misinkhu. Zazitali zikuyera kwambiri.

Nyale ili pafupi kwambiri. Pa nyale yaing'ono, mtunda ukawirikiza kawiri kuwala kumatsala gawo limodzi mwa anayi. Nyale ikakhala mamilimita 300 pamwamba pa lamba, katoni yaitali mamilimita 100 imalandira pamwamba pake kuwala kochuluka ka 2.25 kuposa lamba. Mukaikweza kufika mamilimita 1,000, kusiyanako kumatsika kufika pa 1.23. Kukweza kumadya kuwala, ndipo kuti zazitali ndi zazifupi zonse zioneke bwino mufunikanso kuchepetsa bowo la lenzi. Kuchoka pa f/4 kufika pa f/8 kumafuna kuwala kochuluka kanayi. Muona kuti njira iliyonse ikubwerera ku nyale yamphamvu.

Amati LED imakhala maola 50,000. Ndi zoona?

Maola 50,000 ndi zaka pafupifupi 5.7 ikuyaka osazima. Koma LED kawirikawiri siifa mwadzidzidzi ngati babu, imazilala pang'onopang'ono. Nambala imene amalemba nthawi zambiri ndi L70, kutanthauza nthawi imene kuwala kudzakhale kutatsika kufika pa 70 peresenti, ndipo imawerengedwa potsatira njira za LM-80 ndi TM-21 pa kutentha kodziwika. M'bokosi lotsekedwa pafupi ndi uvuni siifika pamenepo. Kwa munthu wowerenga buku 70 peresenti ikadali kuwala, koma makina amene munawaikira malire pa 120 adzakhala atayamba kale kulakwitsa.

Ine ndimakonda kugula nyale yamphamvu kuposa yofunika n'kuiyendetsa pansi pa mphamvu zake, kuti pakhale pokwezera ikamakalamba. Ndimamangiriranso kachidutswa kotuwa pakona pa malo amene kamera ikuona, pamene katundu sadutsa, kuti pulogalamu iziyeza kuwala kwake nthawi zonse ndi kuchenjeza kukatsika. Nyale imangiriridwe pa chitsulo chochotsa kutentha, osati pa pulasitiki. Ma LED ofiira amafooka ndi kutentha kuposa a buluu, ndiye malire musawaike makina atangoyatsidwa kumene. Adikireni atenthe.

Fumbi ndi madzi otsukira?

Onani nambala ya IP, yosonyeza mmene nyale imapiririra fumbi ndi madzi. IP65 silola fumbi ndipo imapirira madzi opopera, IP67 imapirira kumizidwa mita imodzi kwa mphindi 30, IP69K ndi ya malo otsukidwa ndi madzi otentha othamanga kwambiri. Pofooka kawirikawiri si pa nyale, ndi polumikizira waya. Kumene kuli fumbi ikani kampweya kouzira pa zenera la nyale ndi la kamera. Pamwamba pa zakudya galasi losweka silifunika, ndiye ambiri amaika polycarbonate, koma dziwani kuti imatsekereza UV ya 365 nm ndiponso imasokoneza ma polarizer.

Nyalezi sizingawononge maso a ogwira ntchito?

Zikhoza. Muyezo wa IEC 62471 umagawa nyale m'magulu anayi, kuyambira zopanda chiopsezo mpaka gulu 3, ndipo wogulitsa ayenera kukuuzani gulu la nyale yake. Infrared ndi UV n'zachinyengo chifukwa munthu saphethira kapena kutembenuka, poti sakuona kanthu. Kung'anima kooneka kwa pakati pa ka 3 ndi ka 30 pa sekondi kumatopetsa aliyense, ndipo kukhoza kudzutsa khunyu mwa anthu ena. Bokosi lotchinga lija limagwira ntchito ziwiri, kuteteza kamera ku dzuwa ndi kuteteza anthu ku nyale. Pa chitseko chake paikidwe switchi yozimitsa nyale chikatsegulidwa.

Ndingayeze ndi mita ya lux?

Pa nyale yoyera ingakupatseni chithunzithunzi. Koma lux inapangidwira diso la munthu, limene limamva kwambiri girini wa 555 nm, ndiye pa nyale ya 850 nm mitayo idzati kulibe kuwala. Mita yabwino ndi kamera yanu yomweyo. Yang'anani manambala a mapikiselo, ndipo malo owala kwambiri amene mukuwafuna asagunde 255, chifukwa pamenepo zonse zimafanana.

Dzulo zimayenda, lero makina akutaya zabwino. Ndiyang'ane chiyani poyamba?

Musakhudze malire a mu pulogalamu. Amene amayamba ndi kusintha manambala amapeza kuti pakutha mwezi palibe akudziwa pamene anali poyamba. Pukutani zenera la nyale ndi la kamera. Onani nambala ya kachidutswa kotuwa kaja muyerekeze ndi ya tsiku loyamba. Zimitsani nyale mujambule mdima. Funsani a shifiti yausiku ngati wina anatsegula bokosi, anasintha lamba kapena anatsamira nyale potsuka. Kenako gwirani nyaleyo ndi dzanja muigwedeze: lamba amanjenjemera tsiku lonse, mabawuti amamasuka, ndipo pa dark field kapena line scan kupendekeka kwa madigiri awiri kukhoza kusintha chithunzi chonse.

Kuti kufufuzaku kutheke, tsiku limene makina ayamba kugwira bwino lembani mtunda wa nyale, kupendekeka kwake, magetsi, kutalika kwa kung'anima, bowo la lenzi ndi gain, musunge ndi zithunzi zingapo za tsikulo. Mangani timasikuluu ta pa lenzi, ndipo pa bawuti iliyonse ya nyale jambulani kamzere ka penti kochokera pa mutu wa bawutiyo kufika pa chitsulo. Bawuti ikamasuka, kamzereko kamaduka pakati, ndipo amene akudutsa ndi nsanza m'mawa amakaona.